Kusakaniza malasha ndi zotsalira za kumgodi komanso zoyatsira zina: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi omwe amangobwerabwera kuchokera kwa anthu oyendetsa maboila, owotcha njerwa, a m'mafakitale a simenti ndi ana asukulu a za uinjiniya. Tayamba ndi osavuta, ozama ali kumunsi, nde ngati yankho lina lakutumizani ku funso lina pitani konko, sitinafune kumangobwereza zomwezo.

Zotsalira za kumgodi zomwe mukunenazi ndi chani kwenikweni?

Malasha akamakumbidwa satuluka okhaokha ayi. Amatuluka ndi miyala yomwe inali pamwamba ndi pansi pake, kuphatikizapo timizere ta dothi louma tomwe timadutsa m'kati mwa malashawo. Asanagulitsidwe amakawatsuka, ndipo kutsukako kumadalira kulemera basi: malasha abwino ndi opepukirapo nde amayandama, pomwe mwala umamira. Zomira zija ndi zomwe tikunena pano. Malipoti ambiri amazitchula kuti gangue, ku South Africa amati discard, ku Pennsylvania ku America amati culm kapena gob malinga ndi mtundu wa malasha ake.

Zilipo za mitundu iwiri ndipo musaziphatikize. Pali miyala yakuda ija, youma, ya phulusa lambiri, nthawi zambiri kuposa 60 peresenti. Ndiye pali matope a malasha, omwe ndi fumbi losalala lotsalira m'madzi otsukira. Matopewa amakhala ndi malasha ambiri ndithu kuposa miyala ija, koma vuto lake ndi madzi, ndipo ali ndi funso lawolawo kumunsiku.

Nde mwala ungayake bwanji?

Mwala weniweniwo suyaka. Chomwe chimayaka ndi kaboni yemwe watsalira m'kati mwake, timalasha tomwe makina otsukira analephera kulekanitsa. Kilogalamu imodzi ya malasha abwino a mtundu wofala wa bituminous imapereka mphamvu ya pakati pa 24 ndi 32 MJ (megajoule, muyezo wa mphamvu ya kutentha), pomwe kilogalamu ya gangue nthawi zambiri siifika pa 12 MJ, ina imakhala pa 4 kapena 5 basi. Kotsalako ndi dothi la kaolinite, mchenga, mwina ndi pyrite, kamwala konyezimira kaja ka chitsulo ndi sulufule. Zinthu zimenezi zimangolowa m'moto kukamwa kutentha n'kutuluka ngati phulusa.

Chifukwa chani anthu amavutika n'kusakaniza, osangowotcha malasha abwino?

Choyamba ndi ndalama, zotsalirazi n'zotchipa, pena zimangofuna yolipira thiransipoti. Chachiwiri ndi milu ija. China yokha imakumba malasha opitirira matani 4 biliyoni pachaka, ndipo pa matani 100 aliwonse pamatsala gangue wosachepera matani 10, nde tangoganizani kukula kwa milu yake. Ku Mpumalanga ku South Africa nkhani ndi yomweyo. Milu imeneyi siyimangokhala phee. Imayaka yokha, mvula ikagwa imatulutsa madzi a asidi ochokera ku pyrite n'kuwononga mitsinje, ndipo imagumuka. Pa 21 Okutobala 1966 mulu wa zotsalira za mgodi unagumukira mudzi wa Aberfan ku Wales n'kukwirira sukulu, anthu 144 anafa, 116 mwa iwo anali ana.

Kuika nkhuni, utuchi kapena mapesi kuli ndi chifukwa china, kufuna kuchepetsa mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, komanso kuthandiza zinthu zovuta kuyaka kuti zigwire moto msanga.

Kodi chidutswa cha malasha chikalowa m'ng'anjo chimapsa motani?

Mukamvetsa izi mafunso ena onse asavuta. Poyamba madzi amachoka, apa palibe moto uliwonse, ng'anjo ikungotaya kutentha. Kenako chidutswacho chikatentha kufika cha m'ma 300 mpaka 500°C chimayamba kutulutsa mipweya yoyaka ndi phula, zomwe ku labu amazitchula kuti volatiles, ndipo zimenezi ndi zomwe zimapanga malawi omwe mumawaona aja. Zikatha pamatsala khala louma la kaboni lomwe limanyeka pang'onopang'ono kuchokera kunja kulowa m'kati, ndipo gawo limeneli ndi lomwe limatenga nthawi yaitali kuposa onse. Likatha patsala phulusa.

Choncho mukatumiza sampulo ku labu, manambala anayi oyamba omwe amakupatsani ndi chinyezi, volatiles, kaboni wotsalira ndi phulusa. Nkhuni zouma zili ndi volatiles 70 mpaka 80 peresenti, malasha a bituminous mwina 20 mpaka 40, malasha olimba kwambiri a anthracite safika ndi 10 yomwe. Mukangoona manambala amenewa mutha kulosera kale chomwe chiyake msanga ndi chomwe chivute.

Ndingawerengere ndekha mphamvu ya zomwe ndasakaniza?

Eya, ndipo apa masamu ake ndi a ku pulayimale. Tiyerekeze kuti muli ndi malasha a 25 MJ pa kilogalamu, phulusa 15 peresenti, ndi gangue wa 8 MJ, phulusa 70 peresenti. Mwasakaniza magawo 70 a malasha ndi 30 a gangue polemera. Mphamvu ikhala 17.5 kuphatikiza 2.4, yomwe ndi 19.9 MJ. Phulusa likhala 10.5 kuphatikiza 21, yomwe ndi 31.5 peresenti.

Ambiri amaima pomwepa n'kunena kuti aa mphamvu yangotsika pang'ono, phulusa langowirikiza kawiri. Koma boila imafuna kutentha komweko kwa dzulo, nde mukuyenera kuthira zochuluka, pafupifupi kilogalamu 1.26 pomwe kale mumathira imodzi. Phulusa lotuluka pa kutentha komweko likhala cha m'ma 0.40 kilogalamu m'malo mwa 0.15, kutanthauza kuti lachuluka kuposa kawiri ndi theka. Malamba, zigayo, mafani ndi malole onyamula phulusa zonse zimva kulemera kumeneku.

Chenjezo limodzi: masamuwa amagwira pa mphamvu, kuchuluka kwa phulusa ndi sulufule. Sagwira pa kutentha komwe zinthu zimayambira kuyaka, ndipo sagwira n'komwe pa kusungunuka kwa phulusa. Zimenezo sizitsata avareji.

Kodi kuika gangue kumachedwetsa kuyaka?

Kumachedwetsa, ndipo pa zifukwa zingapo zomwe zimabwera limodzi. Volatiles amachepa nde malawi oyambitsa moto amafooka. Phulusa lochuluka lija limamwa kutentha lisanathandize kalikonse. Dothi la kaolinite nalo likafika pakati pa 450 ndi 650°C limataya madzi omwe ali m'kati mwa kapangidwe kake, ndipo kutayako kumamwanso kutentha, pa nthawi yomweyo yomwe malasha akufuna kugwira moto. Pomaliza, khala likamanyeka limakutidwa ndi chikhungwa cha phulusa chomwe chimatchinga okosijeni kuti asafike m'kati, nde mumapeza kaboni wosapsa akutuluka limodzi ndi phulusa. Phulusa lanu likayamba kuda mutasintha mlingo, ndi zimenezo.

Nanga utuchi, mankhusu a mpunga kapena mapesi zimathandiza chani?

Zimagwira moto msanga. Zomera zimayamba kutulutsa mipweya yoyaka cha m'ma 220°C, cellulose, ulusi wa m'zomera, amaphwasuka kwambiri pakati pa 315 ndi 400°C, pomwe malasha ambiri amakhala asanayambe n'komwe. Malawi a zomerawo amatenthetsa tizidutswa ta malasha ndi gangue tomwe tili pafupi, motero zonse pamodzi zimayamba kuyaka pa kutentha kotsikirapo. N'chifukwa chake kusakaniza zitatu, malasha, gangue ndi zomera, kumayenda bwino kuposa malasha ndi gangue okha.

Koma musakopeke kwambiri. Nkhuni zouma zili ndi 17 mpaka 20 MJ pa kilogalamu, zaziwisi mwina theka lake. N'zopepuka zedi, nde kuti mupeze mphamvu yofanana ndi ya lole imodzi ya malasha mufunika malole angapo a tizidutswa ta mitengo. Komanso moto wake ndi wachangu, umalilima n'kutha, sumakhalitsa kuti uthandize khala la gangue kunyeka mpaka kumapeto. Ndipo si zomera zonse zofanana: mtengo woyera phulusa lake silifika 2 peresenti, mankhusu a mpunga amafika 15 mpaka 20 koma lambiri ndi silica, chomwe chimapanga mchenga, pomwe mapesi ndi udzu zili ndi potaziyamu ndi klorini wambiri, omwe ndi gwero la mavuto omwe tawafotokoza pa funso la phulusa lomata.

Ndimawerenga kuti zosakaniza "zimathandizana" poyaka. Zoona zimenezi? Amayeza bwanji?

Chida chomwe pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito ndi TGA. Ndi kasikelo kakang'ono kwambiri komwe kali m'kati mwa kang'anjo. Amaikapo ufa wa sampulo mwina mamiligalamu 10, n'kumakweza kutentha ndi madigiri 10 kapena 20 pamphindi kwinaku akupopera mpweya, kompyuta n'kumalemba mmene kulemera kukutsikira. Pa galafu yake mumaona pomwe kuyaka kwayambira, pomwe kwafika pachimake ndi pomwe kwathera. Malasha okha amaonetsa nsonga imodzi yaikulu, mukaikamo zomera zimaoneka ziwiri, yoyamba ya volatiles a zomera, yachiwiri ya khala.

Kuti adziwe ngati pali kuthandizana, amayeza chilichonse pachokha, n'kuwerengera avareji monga tachitira pamwambapa, kenako amayeza zosakanizazo. Mzere woyezedwa ukapatukana ndi wowerengeredwa, nde kuti china chake chikuchitika. Pena zimathandizanadi, chifukwa potaziyamu ndi kashiamu wa m'phulusa la zomera amafulumizitsa kunyeka kwa khala la malasha. Pena palibe kusiyana kulikonse. Pena zimasokonezana, makamaka dothi la gangue likameza potaziyamu uja asanagwire ntchito, kapena zomera zikalanda okosijeni poyambirira.

Ife timaona kuti TGA ndi yabwino poyerekeza masampulo, kuti uyu amayaka msanga kuposa uyu, koma anthu amaikhulupirira mopitirira. Mu TGA kutentha kumakwera madigiri 20 pamphindi, pomwe m'boila yowotcha malasha ogayidwa ngati ufa kachidutswa kamatentha ndi madigiri masauzande ambiri pa sekondi imodzi. Mlingo womwe waoneka bwino pa mamiligalamu 10 uyenera kuyesedwanso pa ng'anjo yeniyeni musanasainire kontilakiti ya matani ambirimbiri.

Boila iliyonse ingawotche zosakanizazi?

Ayi. Maboila akuluakulu ambiri opangira magetsi ndi a ufa: malasha amagayidwa mpaka pafupifupi 70 peresenti idutse pa sefa ya mamaikuloni 75 (mamilimita 0.075), n'kuuziridwa m'ng'anjo momwe malawi amapitirira 1400°C, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi masekondi awiri kapena atatu basi kuti kapse. Gangue mmenemu ndi mdani. Amadya zitsulo za chigayo chifukwa cha mchenga ndi pyrite, amafooketsa malawi mpaka mumafunika kuthandizira ndi mafuta, ndipo phulusa lake limapala mapaipi. Zomera nazo zimavuta m'zigayo za malasha chifukwa sizisweka, zimangophwanyika n'kukhala ulusiulusi, nde ambiri amangoika 5 mpaka 10 peresenti ya mphamvu. Kupitirira apo pamafunika zigayo ndi mabena (zouzira moto m'ng'anjo) akeake, ngati zomwe anachita ku siteshoni ya magetsi ya Drax ku England komwe anayamba n'kusakaniza kenako n'kusinthiratu mayunitsi anayi mwa asanu ndi limodzi kuti aziwotcha mapeleti a mitengo.

Yomwe inapangidwira zinthu zovutazi ndi ya fluidised bed, makamaka ya CFB (circulating fluidised bed), momwe zinthu zimazungulira m'ng'anjo. Pansi pake pamakhala mchenga ndi phulusa lotentha, zomwe amati bedi, ndipo zimauziridwa mpweya kuchokera pansi mpaka kumaoneka ngati madzi akuwira, pa kutentha kwa 800 mpaka 900°C. Choyatsira chatsopano chikalowa chimagwera m'matani a zinthu zotentha kale, nde ngakhale chikhale chonyowa kapena chamiyala chimagwirabe moto, ndipo zomwe zauluka zisanapse zimagwidwa ndi cyclone, chida chozunguza utsi n'kupatula fumbi, n'kubwezedwanso m'ng'anjo kambirimbiri. Sipafunikanso kugaya, kungoswa mpaka mamilimita osapitirira 10 basi. Siteshoni ya Seward ku Pennsylvania, ya 521 MW (mamegawati a magetsi), yakhala ikuwotcha zotsalira za migodi mwanjira imeneyi kuyambira 2004. Ya Virginia City ku America komweko, yomwe inayamba mu 2012, imasakaniza malasha, gob ndi mitengo. Ndipo makinawa anakula ndithu, Łagisza ku Poland inafika 460 MW mu 2009, Baima ku Sichuan inafika 600 MW mu 2013.

Maboila ang'onoang'ono a m'mafakitale omwe amawotchera pa sefa yachitsulo yoyenda amalola gangue pang'ono, bola kukula kwa zidutswa kukhale kofanana, apo ayi fumbi limatseka mpweya ndipo zidutswa zikuluzikulu zimafika kumapeto zisanapse.

Chiyambireni kusakaniza phulusa likumata pa mapaipi, pena mchenga wa m'bedi ukugwirana. Chikuchitika n'chani?

Apa ndi pomwe nkhani yonse ya kusakaniza imagonera, kuposa nkhani ya mphamvu. Phulusa la malasha ambiri ndi la gangue ndi la silica ndi alumina, ndipo silisungunuka msanga, lina mpaka kupitirira 1400°C. Phulusa la mapesi ndi udzu ndi nkhani ina. Potaziyamu wake akakumana ndi silica amapanga zinthu zonga galasi zomwe zimayamba kusungunuka pansi pa 800°C, komwe ndi kutentha komwe CFB imagwirira ntchito. Nde timchenga timakutidwa ndi kanthu konanda, timayamba kumatana, timabulu timakula, mpweya sukudutsanso bwino, ndipo mukachedwa bedi yonse imauma n'kukhala chimwala chimodzi chofuna kuswa ndi nyundo boila itazimitsidwa. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi matemometa a m'bedi kuyamba kusiyana manambala, komanso puresha ya mpweya kusinthasintha mosadziwika bwino.

Kumtunda kwa boila vuto ndi klorini. Potaziyamu ndi klorini zimauluka limodzi ngati mchere wa KCl, womwe umasungunuka pa 770°C, n'kukamata pa mapaipi a superheater, otenthetsa nthunzi kwambiri. Ukamata umagwira fumbi lina, chikhungwa chimakula, kutentha sikulowanso bwino m'nthunzi, ndipo pansi pa chikhungwacho klorini amakhala akudya chitsulo.

Chosangalatsa n'chakuti gangue, yemwe pa mafunso ena onse wakhala wovuta, pano ndi mankhwala. Kaolinite wake akatentha amagwira potaziyamu n'kumumangirira mu miyala ngati kalsilite yomwe sisungunuka mpaka kupitirira 1600°C. Sulufule wa m'malasha nayenso amasandutsa KCl kukhala potassium sulphate yemwe sadya chitsulo kwambiri, klorini n'kutuluka ngati mpweya wa HCl womwe umagwidwa kutsogolo. N'chifukwa chake mapesi owotchedwa limodzi ndi malasha savuta ngati mapesi owotchedwa okha. Njira yomweyi imagwiranso pa malasha a ku Zhundong ku Xinjiang, omwe ali ndi sodiyamu wambiri ndipo amadziwika ndi kumata koopsa: amawasakaniza ndi malasha ena a phulusa ladothi kapena kuthiramo kaolin, dothi la kaolinite lija.

Koma si gangue aliyense. Wa pyrite wambiri amabweretsa chitsulo m'phulusa, ndipo chitsulo chimatsitsa kusungunuka kwa phulusa makamaka pomwe okosijeni ndi wochepa. Komanso maphulusa awiri omwe payekhapayekha sasungunuka msanga atha kupanga chosakaniza chosungunuka msanga kuposa onse awiri. Palibe njira yachidule apa, tumizani phulusa la chosakaniza chenichenicho ku labu akaliyeze kusungunuka kwake, osati la chilichonse pachokha.

Utsi wake umasintha bwanji?

Sulufule nthawi zambiri amakwera, chifukwa pyrite ndi wolemera nde potsuka amamira limodzi ndi miyala, ndipo mukamawerengera pa mphamvu yomwe mwapeza amaoneka wochuluka kwambiri. Zomera zili ndi sulufule wochepa nde zimamutsitsa. Mu CFB amathira mwala wa layimu wopera m'ng'anjo momwemo, kawirikawiri kashiamu wowirikiza kawiri sulufule yemwe alipo, ndipo utha kugwira 90 peresenti kapena kuposa. Umagwira bwino cha m'ma 850°C, bedi ikatentha kupitirira 900°C kugwirako kumatsika.

Pa mipweya yoipa ya nayitrojeni yomwe amati NOx, CFB imatulutsa yochepa popeza kutentha kwake sikufika poti nayitrojeni wa mumpweya n'kuyamba kupsa. Kuipa kwake n'kwakuti kutentha kotsikaku kumatulutsa N2O wochulukirapo, mpweya womwe umatenthetsa dziko kuposa CO2 (mpweya wa kaboni uja) maulendo opitirira 250. Fumbi nalo limachuluka molingana ndi phulusa, nde zosefera utsi ziyenera kukwanitsa. Mercury, arsenic ndi fluorine nazo zimakonda kukhala mu pyrite ndi dothi, kutanthauza kuti zomwe kutsuka kunachotsa mukuzibwezeranso m'moto.

Matope a malasha aja, onyowa choncho angawotchedwe?

Amawotchedwa. Akafinyidwa amatsala ndi madzi cha m'ma 25 mpaka 35 peresenti, amakhala onanda, amamata pa malamba ndi m'mabankala, nde m'ma CFB ambiri amawapopa ndi mapampu amphamvu kudzera m'mapaipi n'kuwagwetsera m'ng'anjo ngati mibulu. Mbuluwo umauma ukugwa, n'kusweka, n'kuyaka. Kilogalamu iliyonse ya madzi imadya pafupifupi 2.3 MJ kuti isanduke nthunzi, ndipo nthunziyo imachulukitsa utsi wodutsa m'boila. Vuto lina n'lakuti tizidutswa take ndi tosalala kwambiri, timatha kudutsa cyclone tisanapse. Matope ndi gangue zimayenderana bwino chifukwa matope amabweretsa kaboni, gangue amabweretsa miyala yosunga bedi.

Nanga petcoke, matayala akale ndi matope a m'suweji?

Petcoke ndi chotsalira cha kumalo oyengera mafuta. Mphamvu yake ndi yaikulu, kupitirira 30 MJ pa kilogalamu, phulusa lochepa kwambiri, nde pa pepala amaoneka woyenera kukweza chosakaniza cha gangue. Koma volatiles ake ndi ochepa, cha m'ma 10 peresenti, amavuta kuyaka ngati gangue yemweyo, sulufule wake amatha kufika 5 kapena 6 peresenti, ndipo ali ndi vanadium yemwe amawononga zitsulo pa kutentha kwakukulu. Awiriwa pamodzi amafuna chachitatu choyaka msanga.

Matayala ali ndi mphamvu yofanana kapena kuposa malasha abwino, ndipo mafakitale a simenti ndi omwe amawakonda chifukwa mu uvuni wawo zinthu zimafika 1450°C ndipo waya wa m'tayala umangolowa m'simentimo ngati chitsulo chofunika kale. M'boila wamba wayayo amakola pansi. Matope a m'suweji ali ndi madzi ambiri, nayitrojeni wambiri ndi phosphorus, nde amaikidwa pang'ono chabe. Mapulasitiki a PVC apeweni, klorini wake ndi wochuluka. Dziwaninso kuti mukangoyamba kuwotcha zinyalala malamulo amasintha m'maiko ambiri, mwachitsanzo ku European Union utsi uyenera kukhala pa 850°C kwa masekondi osachepera awiri pofuna kuphwanya ma dioxin, poizoni wa mu utsi wa zinyalala.

Nde mlingo wabwino wosakanizira ndi uti? Tangotiuzani nambala.

Funso ili limabwera tsiku ndi tsiku ndipo nambala imodzi kulibe, amene akupatseni asanaone boila yanu ndi malipoti a ku labu akungolota. Gangue wa mulu umodzi womwewo amasiyana kumtunda ndi kunsi, wa chaka chino ndi wa zaka 30 zapitazo. Chomwe chimaika malire ndi chomwe chiyambe kulephera pa makina anu, kaya ndi chigayo, kaya ndi potulutsira phulusa, kaya ndi malire a sulufule omwe boma linaika. Yambani ndi pang'ono, kwezani pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse onani kutentha kwa ng'anjo, CO (carbon monoxide) wa mu utsi ndi kaboni wotsalira m'phulusa. Muzifunsanso ngati peresenti yomwe munthu akunena ndi ya kulemera kapena ya mphamvu, chifukwa 20 peresenti ya utuchi polemera ndi yochepa kuposa 20 peresenti pa mphamvu.

Kasakanizidwe kenikeniko nako nkofunika. Zinthu zosiyana kulemera zimalekana zokha pa lamba ndi m'bankala, nde boila imalandira malasha okhaokha mphindi ino, miyala yokhayokha mphindi inayo, avareji ya tsiku n'kumaoneka bwinobwino pomwe moto wakhala ukukwera ndi kutsika tsiku lonse.

Ndingasunge zosakaniza kale pa mulu umodzi?

Kwa nthawi yochepa basi. Malasha ndi pyrite zimamwa okosijeni pang'onopang'ono ngakhale pa kutentha wamba, n'kumatulutsa kutentha, ndipo m'kati mwa mulu mukafika cha m'ma 70°C zinthu zimayamba kuthamanga zokha mpaka moto. Zomera zonyowa zimawola n'kutenthetsa mulu kufika pafupi ndi pamenepo, nde kuziika pamodzi ndi malasha n'kuwapatsa poyambira. Sungani padera, sakanizani pothira. Milu ya malasha ndi gangue muziitsendera ndi makina kuti mpweya usalowe, ndipo fumbi louma la utuchi m'malo otsekeka limaphulika, musaliderere. Moto wa malasha ukakhazikika suzima wamba, wa ku Jharia ku India unayamba mu 1916, wa pansi pa tauni ya Centralia ku Pennsylvania unayamba mu 1962, ndipo yonse iwiri ikuyakabe.

Kodi zimenezi tingati n'zoteteza chilengedwe?

Mbali ina eya, mbali ina ayi. Kuchotsa mulu womwe ukufuka utsi komanso kuthira asidi mumtsinje ndi phindu looneka ndi maso, ndipo kuwotchera m'boila ya zosefera n'kwabwino kuposa kuusiya uzinyeka wokha panja. Koma kaboni wa mu gangue ndi wa pansi pa nthaka ngati wa malasha, ndipo pa yuniti iliyonse ya magetsi CO2 amakhala wofanana kapena wochulukirapo, popeza mphamvu ina imathera kutenthetsa miyala, ndipo mwala wa layimu nawo umatulutsa CO2 wake ukamapsa. Zomera zimachepetsadi ngati zili zotsalira za m'minda ndi m'macheka, koma kugwetsa nkhalango kuti mudyetse boila ndi nkhani ina.

Phulusa lochuluka chonchi lipita kuti?

Lambiri limapita ku simenti, konkire, njerwa, misewu ndi kukwirira migodi yakale. Phulusa la CFB la gangue limakhala ndi dothi lowotchedwa pa kutentha koyenera kuti ligwirizane ndi layimu, nde limathandiza kulimbitsa simenti, koma likakhala ndi layimu wosapsa ndi sulphate wambiri limafufuma likanyowa n'kung'amba konkire. Ogula amayang'ananso kaboni wosapsa: muyezo wa ku America wa ASTM C618 umalola mpaka 6 peresenti, gulu loyamba la muyezo wa ku Ulaya wa EN 450 mpaka 5. Ku Pennsylvania phulusa la layimuli amalibwezera pomwe panali mulu paja kuti lichepetse asidi.

Owotcha njerwa ali ndi njira yawo, amapera gangue n'kuumba naye njerwa, kaboni wa m'katimo n'kukhala nkhuni za njerwayo ikalowa mu uvuni. Kaboniyo akachuluka kapena moto ukathamanga, kunja kumapsa n'kutseka, m'kati n'kutsala mwakuda.

Ndingaumbe mabuliketi a zotsalirazi n'kumaphikira kapena kuwothera m'nyumba?

Sitikulimbikitsa. Zonse zomwe zimapangitsa kuti CFB iwotche zinthuzi bwinobwino, kutentha kokhazikika, layimu, zosefera utsi, pa mbaula palibe. Choyatsira chovuta kuyaka pa moto wofooka chimatulutsa carbon monoxide wambiri, yemwe alibe fungo ndipo amapha anthu ali mtulo. Kuwonjezera apo pali zomwe tanena pa funso la utsi zija. Ku Guizhou ku China anthu ambirimbiri anawonongeka mano ndi mafupa ndi fluorine chifukwa chowotcha malasha osakaniza ndi dothi m'nyumba zopanda chumuni n'kumaumitsira chimanga ndi tsabola pa utsiwo, ndipo m'midzi ina arsenic wa m'malasha anawadwalitsa khungu. Ku Xuanwei ku Yunnan khansa ya m'mapapo inachuluka pakati pa amayi osasuta n'komwe chifukwa cha utsi wa malasha m'nyumba. Ngati palibiretu njira ina, sampulo ikayezedwe kaye sulufule, fluorine ndi arsenic, muikemo layimu poumba, mbaula ikhale ndi chumuni chotulutsira utsi panja, ndipo chakudya chisakhudzane ndi utsiwo.